Ndiwo za ku Vwaza

Kumadzulo kwa Bolero, m'boma la Rumphi, minda ya fodya imakathera m'malire a nkhalango ya Vwaza. Kumeneko kunakulira mnyamata wina, mwana wa matenanti ochokera kummwera. Bambo ake ankalandira chimanga changongole kwa mwini munda, malipiro n'kumadikira mpaka fodya atagulitsidwa ku okushoni ya Mzuzu. Ndalamayo ikafika inkathera kumowa, ndipo masiku amenewo mayi ake ankagona kwa anansi pothawa zibakera.

Ali ndi zaka 12 anatchera msampha wake woyamba, wa waya wa mabuleki a njinga. Anafika kunja kuli mdima, gwape ali paphewa, malaya ali magazi okhaokha. Mayi ake anangonong'oneza kuti, "Lowetsa msanga iwe, anthu angaone." Bambo ake anadya, n'kunyambita zala, amvekere, "Tsopano ndiye wakula, mwana wanga." Palibe anafunsa kuti kusukulu anapitako liti.

Njala ya m'nyumba ya tenanti si yongopeka, ndipo amene sanagonepo ndi njala asafulumire kuweruza mayi uja. Komabe mtima umandipweteka ndikaganiza zimene mwanayo anaphunzira pamkeka paja: kuti chobwera usiku chimayamikiridwa bola osagwidwa, ndiponso kuti bambo amene sanamusekererepo akhoza kumutamanda akabwera ndi nyama. Mwana amachita chilichonse kuti amvenso mawu otero. Posakhalitsa anayamba kusolola fodya m'chigafa n'kumagulitsa kwa mavenda. Sopo ndi mchere zinkaoneka pakhomo, funso ayi. Ali ndi zaka 15 anali akunyamulira kale katundu amuna olowa m'nkhalango ndi mfuti. Tsiku limene a gemu anawatulukira, akuluakuluwo analiyatsa liwiro, iye n'kugwidwa ndi thumba kumsana.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lili ndi chifundo. Mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu, ndipo wokulirapo akalakwa pang'ono akhoza kubwezedwa kwa makolo kuti akalangizidwe m'malo moimbidwa mlandu kukhoti. Koma chifundo chimenechi chimadalira kuti kunyumbako kuli munthu womulandira. Komanso milandu ya nyama zakutchire sinalinso yaing'ono chikhwimitsireni lamulo lake mu 2017, pomwe wamkulu wopezeka ndi minyanga ya njovu akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30.

Khoti la ana litaitanitsa makolo, bambo anali atasamukira kumunda wina ku Kasungu osasiya uthenga. Mayi anabwera okha, mwana wakhanda kumbuyo. Atafunsidwa, anayang'ana pansi nati, "Ine sindinkadziwa kumene amapita." Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

Anamutumiza kusukulu yosinthira khalidwe ya Chilwa ku Zomba, ulendo wa tsiku lonse pabasi, ndipo mayi ake alibe ndalama yokamuonera. Mng'ono wa mnyamatayo wa zaka 11 wayamba kale kutolera mawaya a njinga, ndipo pakhomopo palibe amene wamufunsa kuti ndi a chiyani.