Labala wa mawindo a galimoto yakale: watsopano kapena wogwirapo ntchito?

Funso: Ndili ndi Toyota Hilux yakale imene ndimanyamulira mbatata za kachewere kuchokera ku Tsangano. Fumbi ndi mvula zikulowa m'mbali mwa magalasi. Kodi ndigule labala wochotsa pa galimoto ina? — Wowerenga wa ku Biriwiri, Ntcheu

Yankho: Bambo, gulani watsopano. Labala amatha ndi dzuwa komanso zaka: amauma, amang'aluka, n'kusiya kugwira galasi. Wochotsa pa galimoto yakufa, ngati amene amagulitsidwa ku Ndirande, nthawi zambiri wapsa ndi dzuwa zaka zofanana ndi wanuyo. Mwina munganene kuti ndi wotchipa, ndipo n'zoona, koma akang'aluka pomuika mwalipira kawiri. Ndingavomere wakaleyo pokhapokha ngati watsopano wa mtundu wa galimoto yanu wasowa ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe, ndipo mukamupinda akubwerera osaonetsa ming'alu. Popita kukagula dulani kachidutswa ka wanuyo mukayerekezere, chifukwa labala wosiyana maonekedwe a mphako yake sakhala, ngakhale kutalika kufanane.

Poika, yambani mwapala dzimbiri m'mphepete mwa chitsulo ndi kupakapo penti, apo ayi madzi adzalowabe. Nyowetsani labala ndi madzi a sopo, osati girizi kapena oyilo, zimene zimamufufumitsa n'kumuwononga. Pa galasi lakumbuyo, lowetsani chingwe m'mphako ya labala kuzungulira, wina akankhe galasi pang'onopang'ono ali kunja, inu mukukoka chingwecho muli m'kati. Silikoni wonunkha ngati viniga, amene ambiri amathamangira kumata naye, mupeweni: asidi wake amadya chitsulo.