Kumwetsa Zigoli Sikutanthauza Kuti Mtima Uli Bwino

Mu Ogasiti 2017, mnyamata wa ku Ghana dzina lake Raphael Dwamena anali atatsala pang'ono kupeza mwayi womwe mwana aliyense wokankha chikopa amaulakalaka. Anali ndi zaka 21. Miyezi iwiri m'mbuyomo anali atasewerera dziko lake koyamba, n'kumwetsa zigoli ziwiri tsiku lomwe Ghana inakwapula Ethiopia 5-0. Timu ya Brighton ya ku England inali itamvana kale ndi timu yake ya FC Zürich, ndipo chomwe chinatsala n'chakuti madokotala amuyeze asanasaine. Atamuyeza anapeza kuti mtima wake uli ndi vuto. Brighton sinamugule.

Kwa anthu omuona pabwalo, nkhaniyi inali yovuta kuimvetsa. Munthu wothamanga chotero, wodumpha kuposa oteteza kumbuyo, angakhale bwanji wodwala? Iye mwini anapitiriza kusewera. Mu 2018 anapita ku Levante ku Spain, kenako ku Real Zaragoza. Kumeneko vuto lija linaonekeranso, ndipo kumayambiriro kwa 2020 madokotala anamuika pachifuwa kachipangizo kotchedwa ICD. Kachipangizoka kamakhala pansi pa khungu n'kumamvetsera kugunda kwa mtima usana ndi usiku. Mtima ukasokonekera moti magazi sakuyendanso, kamauwomba ndi mphamvu ya magetsi kuti ubwerere m'chimake.

Mu Okutobala 2021, akusewerera Blau-Weiss Linz ku Austria, Dwamena anagwa masewero ali mkati. Anali ndi kachipangizo kaja pachifuwa, ndipo anapulumuka. Koma pambuyo pake anapempha kuti amuchotse kachipangizoko, ngakhale madokotala anamuchenjeza. Anali munthu wopemphera kwambiri, ndipo ankauza atolankhani kuti moyo wake uli m'manja mwa Mulungu. Anapeza timu ku Albania yotchedwa Egnatia, ndipo zigoli zinayambanso kubwera, mpaka anatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi ya dzikolo. Pa 11 Novembala 2023, akusewera ndi Partizani, anagwa chigawo choyamba chisanathe, popanda yemwe wamugunda. Sanadzukenso. Anali ndi zaka 28.

Nkhaniyi si yoti tiloze chala malemu. Amene anakulira m'nyumba yomwe aliyense akudalira miyendo ya mwana mmodzi akudziwa kulemera kwa mawu a dokotala akuti "siya mpira". Fizi ya azing'ono, malata a nyumba ya amayi, ulemu wa kumudzi, zonsezo zimaoneka ngati zikuthera pa kapepala kamodzi ka kuchipatala. Chikhulupiriro chake nachonso si choti tichinyoze. Komabe nzeru zomwe dokotala ali nazo sizilimbana ndi pemphero, ndipo munthu angathe kugwada m'mawa n'kukayezetsa masana. Chomwe chinanamiza Dwamena chimanamizanso ambiri a ife: thupi likamamva mphamvu, timakhulupirira thupilo kuposa zomwe makina aona.

Zaka zisanu chichitikireni za Dwamena ku Brighton, timu yomweyo inakumananso ndi nkhani ya mtima, ulendo uno pa mwana wa ku Zambia. Enock Mwepu, yemwe ochemerera Chipolopolo ankamutcha Computer chifukwa cha nzeru zake pakati pa bwalo, anadwala mu Seputembala 2022 ali pa ulendo wokasewerera dziko lake, ndipo anagonekedwa m'chipatala ku Mali. Atabwerera ku England anamuyeza mozama n'kupeza kuti ali ndi matenda a mtima akumtundu, oti akapitiriza mpira wampikisano akhoza kufa nawo. Pa 10 Okutobala 2022 analengeza kuti wasiya mpira, ali ndi zaka 24 zokha. Zinawawa dziko lonse la Zambia. Koma Mwepu anamvera, ndipo banja lake linatsala naye.

Matenda omwe amagwetsa achinyamata pabwalo ndi osiyana ndi a akuluakulu, omwe nthawi zambiri amabwera mafuta akatseka mitsempha ya mtima. Kwa wosewera wosakwana zaka 35, vuto limakhala lobadwa nalo kapena lobwera ndi tizilombo. Ena minofu ya mtima wawo imanenepa mopitirira muyeso, matenda otchedwa hypertrophic cardiomyopathy, omwe amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 500 alionse. Ndi omwe anapezeka mwa Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon atagwa ku Lyon pa 26 Juni 2003, pa masewero a dziko lake ndi Colombia. Ena mtima wawo umaoneka bwinobwino koma magetsi ouyendetsa ndiwo ali ndi vuto. Ena mtsempha wodyetsa mtima unamera pamalo olakwika, moti umapanikizika munthu akathamanga kwambiri. Onsewa angathe kukhala zaka zambiri osamva kanthu. Masewero sayambitsa matendawa, koma amawavundukula, pakuti munthu akathamanga mtima umagwira ntchito kuwirikiza kangapo kuposa pamene wakhala pansi.

N'chifukwa chake kuyeza kumayamba ndi mafunso. Kodi unakomokapo uli mkati mothamanga? Pachifuwa pamakupweteka ukalimbikira? Umabanika msanga kuposa anzako omwe mumachita nawo zokonzekera zofanana? Kodi kwanu alipo yemwe anamwalira mwadzidzidzi asanakwane zaka 50, kapena anamira m'madzi chonsecho ankadziwa kusambira? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri kwa ife, chifukwa imfa zoterezi m'mabanja mwathu timazipatsa mayina ena, ndipo dokotala sazimva n'komwe. Pambuyo pa mafunso pamabwera ECG, yomwe imalemba papepala momwe magetsi a mtima akuyendera, ndipo ngati pali chokayikitsa amachita echo, yomwe imaonetsa kukula kwa zipinda za mtima, kunenepa kwa makoma ake ndi momwe mavavu akutsekera.

Koma mtima wina umabisa vuto lake munthu akagona phee pabedi la kuchipatala. Denga lodontha silidziwika m'chilimwe, limadziwika mvula ikagwa. Apa ndi pomwe pamafunika kuyeza munthu akuchita masewero olimbitsa thupi. Amamumata timawaya pachifuwa, n'kumukweza pa makina othamangirapo kapena pa njinga yosayenda. Pa njira yodziwika kwambiri, mphindi zitatu zilizonse liwiro ndi chitunda zimawonjezeka, mpaka munthu atatopa zenizeni. Nthawi yonseyi dokotala amayang'ana zinthu zingapo. Kuthamanga kwa magazi kumayenera kukwera munthu akamalimbikira. Kukatsika, ndiye kuti mtima ukulephera kupopa. Kugunda kongodumphira komwe kumaoneka munthu atapuma n'kuzimiririka akayamba kuthamanga, kawirikawiri sikukhala koopsa, koma komwe kumachuluka liwiro likamakwera n'kofunika kukufufuza. Pali matenda ena a magetsi a mtima omwe ECG ya munthu wogona siwaona konse, ndipo amangotulukira pa makina amenewa. Ngakhale munthu atatsika pa makina, dokotala amaonabe momwe mtima ukubwerera pa liwiro lake la masiku onse. Wosewera yemwe amaimitsa kuyezaku msanga poopa kuti apezeka ndi kanthu amadzimana yekha yankho lomwe anabwerera.

Magazi nawo ali ndi zonena zawo. Mkati mwa minofu ya mtima muli puloteni yotchedwa troponin, yomwe imatayikira m'magazi minofuyo ikavulala. Palinso BNP, yomwe imachuluka makoma a mtima akamakokeka chifukwa cholemedwa. Koma zotsatira za wothamanga zimafuna diso la katswiri. Anthu ambiri omwe angomaliza mpikisano wa makilomita 42 amapezeka ndi troponin yokwera, koma imatsika yokha pasanathe masiku awiri kapena atatu. Troponin yomwe ikukwerabe, kapena yomwe yabwera pamodzi ndi kupweteka kwa pachifuwa munthu atangodwala chimfine, ndi nkhani ina: ingathe kusonyeza kuti minofu ya mtima yatupa chifukwa cha tizilombo, matenda otchedwa myocarditis. Wopezeka nawo amauzidwa kupuma miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo asanabwerere pabwalo amamuyezanso magazi, echo ndi kuthamanga pa makina. Komanso magazi angathe kutuluka abwino mwa munthu yemwe magetsi a mtima wake ali ndi vuto lalikulu. Palibe kuyeza kumodzi komwe kumayankha zonse, ndipo kapepala kolembedwa kuti magazi ali bwino si chilolezo chonyalanyazira kukomoka.

Umboni wakuti kuyeza kumapulumutsa ulipo. Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo loti aliyense wopikisana pa masewero aziyezedwa mtima kuyambira mu 1982. Kafukufuku wa m'chigawo cha Veneto, yemwe anatuluka mu 2006, anaonetsa kuti imfa zadzidzidzi za osewera achinyamata zinatsika ndi 89 peresenti. Koma kuyeza kamodzi sikukwanira moyo wonse. Ku England, bungwe la FA linayeza osewera 11,168 a zaka pafupifupi 16 pakati pa 1996 ndi 2016. Mwa iwo, 42 anapezeka ndi matenda oopsa a mtima. M'zaka zotsatira, osewera asanu ndi atatu anamwalira ndi matenda a mtima, ndipo asanu ndi mmodzi mwa iwo anali atauzidwa kale kuti ali bwino. Matenda ena amakula ndi munthu, choncho wosewera amayenera kuyezedwanso pakapita nthawi, makamaka akamva chachilendo m'thupi.

Pali mfundo ina yomwe ikutikhudza ife mwachindunji. Madokotala a ku London, motsogozedwa ndi Sanjay Sharma, anaonetsa kuti ECG ya wosewera wakuda imakhala ndi zizindikiro zina zomwe mwa mzungu zingaoneke ngati matenda, chonsecho mwa iye ndi zachibadwa. Malangizo a dziko lonse lapansi omwe anatuluka mu 2017 anavomereza zimenezi. Choncho mnyamata wa ku Mzuzu, Chipata kapena Tete akauzidwa kuti ECG yake yavuta, asataye mtima ndipo asathawe. Apemphe kuti aonedwe ndi katswiri wa mtima wodziwa za osewera. Kwathu kuno kulinso matenda a mavavu a mtima omwe amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa paubwana. Kafukufuku wa ana a sukulu ku Mozambique, yemwe anatuluka mu 2007, anapeza kuti echo inaona matendawa mwa ana pafupifupi 30 pa 1,000 alionse, pamene kumvetsera pachifuwa kokha kunapeza awiri okha. Ana oterewa ndi omwe akuthamanga m'mabwalo a sukulu ndi m'zikho za m'madera.

Kupezeka ndi vuto sikuti nthawi zonse ndi mathero a mpira. Nwankwo Kanu anapezeka ndi vavu yowonongeka atangofika ku Inter Milan mu 1996. Anachitidwa opaleshoni ku America, n'kubwerera kudzapambana ligi ndi Arsenal. Christian Eriksen anagwa ku Copenhagen pa 12 Juni 2021, anamutsitsimutsa pabwalo pomwepo, anamuika ICD, ndipo chaka chotsatira anasewera mu World Cup ali nako kachipangizoko. Onsewa anabwerera chifukwa anayenda limodzi ndi madokotala awo. Ena, monga Mwepu, njira yawo inali kusiya. Amene amasankha pakati pa ziwirizi si ochemerera kapena wogulitsa osewera, koma zotsatira za kuyeza.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu osewera, musabise kukomoka poopa kuikidwa pabenchi, ndipo thupi likatentha musamwe panado kuti mukalowe m'bwalo, dikirani muchire. Inu aphunzitsi a matimu, mnyamata yemwe wagwira pachifuwa n'kukhala pansi musamutche waulesi. Inu makolo, muuzeni mwana wanu za amalume ake omwe anagwa kumunda ali anyamata, ndipo mupite naye kuchipatala akanene zimenezo. Mmodzi akapezeka ndi matenda akumtundu, abale ake a bere limodzi akayezedwenso.

Ndipo wosewera akagwa popanda womugunda, osayankha, akupuma modukizadukiza kapena akuphupha, musataye nthawi kumuthira madzi ndi kumukupiza ndi jezi. Muganize kuti mtima waima. Mmodzi athamangire thandizo, wina agwade n'kuyamba kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, osalekeza mpaka achipatala atafika. Ngati pali makina a AED, owomba mtima ndi magetsi, ayatseni msanga. Amalankhula okha zoti muchite. Mphindi iliyonse yomwe yadutsa popanda thandizo imachepetsa mwayi wopulumuka ndi pafupifupi 10 peresenti. Timu yomwe ikutha kugula yunifomu yatsopano ingathenso kuitana wachipatala kuti aphunzitse osewera ake zimenezi ligi isanayambe, ndipo wothandiza timu yemwe akufuna kukumbukiridwa ayambe walipira kuti anyamata ndi atsikana ake akayezedwe mtima.