Cifuwa ca Mphumu: Dziwani Nthawi Yothamangira ku Cipatala

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, ndiponso m'nyengo ya mphepo ndi fumbi ya Ogasiti ndi Seputembala, ife anchito za umoyo m'boma la Chongwe timaona anthu ambiri obanika m'cifuwa. Ena amabwera msanga, koma ena amafika atatopa kale ndi kupuma. Conco sabata ino tiphunzire za mphumu, imene ambiri m'makomboni amaicha asima. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo 455,000 anafa nawo. Imfa zambiri zotere zingapewedwe.

Kodi mphumu n'ciyani?

Mpweya umalowa m'mapapo kudzera m'timipaipi tating'ono tokhala ngati nthambi za mtengo. Mwa munthu wa mphumu, m'kati mwa timipaipi timeneti mumakhala motupa, ngakhale pa masiku amene iye akumva bwino. Akapuma fumbi, utsi kapena mphepo yozizira, minofu yozungulira timipaipito imafinya, makhololo amaculuka, ndipo njira ya mpweya imacepa. N'cifukwa cake m'cifuwa mumalira ngati likhweru, makamaka potulutsa mpweya.

Mphumu si ufiti, ndiponso siyambukira monga TB. Mungadye naye mbale imodzi wodwalayo popanda mantha. Kawirikawiri imayenda m'magazi a pabanja.

Phunziro locokera kwa akavalo

Ena mwa inu mumagwira nchito m'mafamu a azisunga akavalo kuzungulira Lusaka ndi Chongwe. Dziwani kuti kavalo nayenso amadwala mphumu. Comwe cimamuyambitsa ndi fumbi ndi cuku ca m'udzu wouma umene amadya ndi kugonapo m'khola. Amatsokomola, amatukumula mphuno, ndipo amakankha mpweya ndi mimba mpaka m'mbali mwa nthiti mumaoneka mzere. Madotolo a ziweto, onga amene amaphunzira ku sukulu ya Samora Machel pa University of Zambia, amamvetsera cifuwa cake. Kumene kuli zipangizo amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera, kuthira madzi pang'ono m'mapapo ndi kuwakokanso kuti awerenge maselo oyera osonyeza kutupa.

Koma taonani ici: kavalo wotere sacira ndi mankhwala okha. Amapeza bwino akamutulutsa m'khola la fumbi, kapena akamamunyowetsera udzu asanadye. N'cimodzimodzi ndi munthu. Ngati cifuwa canu cimavuta pa masiku a nchito m'khola la akavalo, m'nyumba ya nkhuku kapena pa cigayo, koma cimapepuka mukakhala pa chuti, uzani a dotolo zimenezi.

M'mene timapimira ku cipatala

Coyamba timafunsa mafunso. Kodi mumatsokomola usiku kapena m'bandakuca? Kodi vutoli limabwera ndi kupita? Kodi mwana amabanika akathamanga kapena akaseka kwambiri? Kodi alipo wina pabanja amene ali nalo? Mayankho anu ndiwo theka la nchito yathu, conco musabise kanthu.

Caciwiri timamvetsera m'cifuwa, kuwerenga kapumidwe ndi kugunda kwa mtima, ndi kuika kacipangizo pa cala koyeza okosijeni m'magazi.

Cacitatu pali kacipangizo kochedwa peak flow meter. Wodwala amauzira mwamphamvu katatu, ife n'kulemba nambala yaikulu. Kenaka timamupatsa mankhwala a salbutamol ndi kudikira mphindi 15. Nambala ija ikakwera ndi magawo 20 pa 100 kapena kuposa, timadziwa kuti timipaipi tinali tofinyika ndipo tatseguka, cimene ndi cizindikiro ca mphumu. Ofunika kupimidwa mozama timawatumiza ku Levy Mwanawasa kapena ku UTH ku Lusaka.

Si kubanika konse kumene kuli mphumu. Munthu wotsokomola masabata awiri, woonda, wotuluka thukuta usiku, ayenera kupimitsa makhololo cifukwa ingakhale TB. Acikulire otupa mapazi ndi obanika akagona cagada angakhale ndi matenda a mtima. Musamwe mankhwala a mnansi wanu musanapimidwe.

Zizindikiro zoopsa

Mukaona cimodzi mwa izi, kaya ndi pakati pa usiku, funani galimoto nthawi yomweyo:

1. Wodwala akulephera kutsiriza mau popanda kuima kuti apume. Mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa.

2. Wamkulu akupuma maulendo 25 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Mwana wa zaka 2 mpaka 5 akupitirira maulendo 40.

3. Khungu la pakati pa nthiti ndi la pakhosi likulowa m'kati popuma.

4. Milomo kapena lilime zayamba kuda.

5. Wodwala watopa, akuodzera kapena akulankhula zosamveka.

6. Inhela siikuthandiza.

Cenjerani ndi ici makolo anzanga: likhweru la m'cifuwa likaleka pamene munthu akali kuvutika kupuma, musaganize kuti wacira. Ndiye kuti mpweya wolowa wacepa kwambiri kotero kuti sungathe ngakhale kulira. Pamenepo moyo uli pangozi yaikulu.

Zocita muli panjira

Mkhazikeni tsonga wodwalayo, musamugoneke. Mpatseni inhela yabuluu ya salbutamol, kupopera kamodzi, apume kanayi kapena kasanu, ndiye mupoperenso. Wamkulu angalandire maulendo 4 mpaka 10, n'kubwereza pakapita mphindi 20. Kwa mwana tsatirani muyeso umene munauzidwa ku kiliniki. Musamufukize ndi utsi wa mankhwala a zitsamba, cifukwa utsi umaonjezera kubanika.

Mankhwala amafika bwino m'mapapo akadzera m'botolo lochedwa sipesa. Ngati mulibe, tengani botolo loyera la pulasitiki la 500 ml, boolani kumatako kwake malo olowetsapo inhela mothina, ndipo wodwala aike kukamwa kwa botolo m'kamwa mwake. Kafukufuku wa Dr Heather Zar ndi anzake ku Cape Town, wofalitsidwa mu 1999, anaonetsa kuti botolo lotere limagwira nchito mofanana ndi sipesa yogula.

Mankhwala ali mitundu iwiri

Inhela yabuluu imangotsegula timipaipi kwa maola ocepa, koma siicotsa kutupa. Yocotsa kutupa ndi ina, monga beclomethasone, imene kawirikawiri imakhala yakhofi. Imeneyi imafunika tsiku ndi tsiku ngakhale mukumva bwino, ndipo mukaigwiritsa nchito cukucani m'kamwa. Kuyambira mu 2019 akatswiri a bungwe la GINA amalangiza kuti wamkulu wa mphumu asamadalire inhela yabuluu yokha. Ngati mukuifuna koposa kawiri pa sabata, kapena mukutsiriza zitatu pa caka, bwerani tikuoneninso.

Ena amaopa kuti inhela imazolowereka, ena amacita nayo manyazi pa anthu. Zoona zake n'zakuti siizolowereka, ndipo amayi apakati angaigwiritsenso nchito. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Dziwaninso kuti aspirin ndi Brufen zimautsa mphumu mwa anthu ena, conco nthawi zonse uzani wopereka mankhwala kuti muli ndi matendawa.

Kupewa pakhomo

Musalowetse mbaula m'nyumba yogonamo. Utsi wa malasha umabanikitsa, ndiponso umapha m'nyumba yotseka. Osuta fodya asutire kutali ndi ana. Wazani madzi musanasese. Yanikani mabulangeti padzuwa, ndipo thanani ndi mphemvu. Wodwala asakhale pafupi popuntha ndi popeta cimanga, kapena potentha zinyalala ndi thengo. Mwana wa sukulu anyamule inhela yake, aphunzitsi adziwe, ndipo musamuletse kusewera mpira.

Mphumu siitheratu, koma munthu wotsatira malangizo amalima, amagulitsa pa msika, amakalamba monga wina aliyense. Dulani tsambali, muliike pamene aliyense pakhomo angalione.