Masamu a m'Laibulale: Kodi Timachuluka Nthawi Yanji?

Teremu yapitayi Abambo oyang'anira laibulale anandipatsa ntchito. Anyamata ankadandaula kuti mipando ndi yochepa, pamene ndalama zinalinso zochepa. Abambo anati, "Mwana wanga, tenga kaundula uyu, undiuze chiwerengero chachikulu cha anyamata amene amakhalamo nthawi imodzi, tingagule mipando yongokhala."

Poyamba ndinangowerenga maina onse a tsikulo. Apa ndinalakwa, pakuti wotuluka 3 koloko sakumana ndi wolowa 4 koloko.

Tiyeni tione chitsanzo cha anyamata asanu. Woyamba analowa 2:00 natuluka 3:00. Wachiwiri 2:30 mpaka 4:00. Wachitatu 2:45 mpaka 3:15. Wachinayi 2:50 mpaka 3:30. Wachisanu 3:20 mpaka 4:00.

Chinsinsi chake nachi: anthu amachuluka pokhapokha wina akalowa, choncho tingofufuza nthawi zolowera basi. Pa nthawi iliyonse yolowera, tiwerenge amene alowa kale, kuphatikizapo wolowayo, koma sanatuluke. Pa 2:00 tipeza mmodzi, 2:30 awiri, 2:45 atatu, 2:50 anayi, ndipo 3:20 atatu. Yankho ndi anayi, kuyambira 2:50 mpaka 3:00.

Maina akakhala mazana, kompyuta imatithandiza kudzera m'chinenero cha SQL, chimene Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anayamba ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1970, potsatira maganizo amene Edgar Codd analemba mu 1970. Tebulo la kaundula timalilumikiza ndi ilo lomwe. GROUP BY amasonkhanitsa mizere malinga ndi nthawi yolowera, COUNT amawerenga anthu a m'gulu lililonse, ndipo MAX amasankha chiwerengero choposa zonse.

Njira ina ndi yolemba +1 munthu akalowa ndi -1 akatuluka, kusanja nthawi mwandondomeko, kenaka SUM aziphatikiza mzere ndi mzere. Koma chenjerani: ngati wina atuluka pa mphindi yomwe wina akulowa, yambani mwachotsa wotulukayo, chifukwa mpando ndi umodzi womwewo.

Nditawerenga kaundula wa mwezi wonse, ndinapeza kuti mipando imaperewera Lachinayi masana okha. Abambo sanagule mpando ngakhale umodzi. Anangosintha nthawi ya Folomu 2.

Anzanga, tisathamangire kuyankha tisanamvetse funso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.