Mapu a chilumba cha Bouvet ndi gombe losakhazikika

Kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic kuli chilumba cha Bouvet, cholamulidwa ndi dziko la Norway. Sikukhala munthu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 49, ndipo pafupifupi chonse nchokutidwa ndi madzi oundana. Mtunda wapafupi ndi Antarctica, makilomita oposa 1,600 kuchokera pamenepo.

Tiyerekeze kuti muli m'sitima, mapu ali m'manja, mukufuna pokocheza. Yambani ndi mizere ya kontuwa, ija imalumikiza malo okwera mofanana. Ikatalikirana, malowo ndi otsetsereka pang'ono. Ikathinana, ndi phompho. Pa Bouvet mizereyi imathinana mpaka m'mphepete mwa madzi, makamaka kumpoto ndi kumadzulo, pomwe nsonga ya Olavtoppen, pachilumba chaching'ono chotere, imafika mamita 780. Nchifukwa chake ofufuza ambiri amatsikirapo pa helikoputa.

Koma kontuwa payokha siyokwanira. Mu 1955 sitima ya ku South Africa yotchedwa Transvaal inafika pachilumbachi kudzafuna malo omangapo siteshoni yoyezera nyengo. Mu 1958 sitima ya ku America, Westwind, inapeza chakumadzulo malo athyathyathya a miyala amene aja a mu 1955 sanawaone. Akatswiri amati phiri linagumukira m'nyanja. Malowa amatchedwa Nyrøysa, ndipo lero ndi pomwe munthu angaponde mosavutikira kwenikweni. A ku Norway anamangapo kanyumba kofufuzira, ndipo mapengwini amaswanapo. Mapu ojambulidwa kugumukako kusanachitike, ngakhale ojambulidwa mwaluso chotani, akanakuuzani kuti pamenepo pali phompho ndi madzi basi.

Apa ndi pomwe ndimaona kuti ife aphunzitsi a mawa timafulumira. Pophunzitsa kuwerenga mapu timalimbikira sikelo, kiyi ndi muvi woloza kumpoto, koma timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi, tonena chaka chomwe malowo anayezedwa, timangotilumpha. Mwana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti gombe ndi mzere wosasuntha.

Ngakhale malo a chilumba chenichenicho anavutapo. Mfalansa Jean-Baptiste Bouvet de Lozier anachiona pa 1 Januwale 1739, koma analakwitsa longichudi, poti zida zoyezera bwino kunalibe. James Cook anachifunafuna osachipeza. Amene anachiika pamalo ake enieni pa mapu ndi Ajeremani a sitima ya Valdivia, mu 1898.