Chotsala cha Pano ndi Chuma cha Apo: Phunziro la pa Dziwe la Nsomba

Ophunzira za kayendetsedwe ka bizinesi akabwera kudzaphunzira ntchito kumudzi, amafika atazolowera kuwerenga zogula ndi zogulitsa zokha. Mlangizi amene wawalandira ayenera kuwatengera kwa mlimi wa nsomba, pakuti pa dziwe m'pamene chuma chozungulira chimaoneka ndi maso.

Njira imeneyi inayesedwa ku Domasi m'boma la Zomba, kumene bungwe la ICLARM, lomwe m'chaka cha 2002 linayamba kutchedwa WorldFish, linagwira ntchito ndi Dipatimenti ya Nsomba. Alimi ankajambula okha munda, dimba, khola ndi dziwe, nalumikiza zonsezi ndi mivi yosonyeza kumene chotsala chilichonse chimapita. Ophunzira achite chimodzimodzi, pansi, mlimi ali wogwira kamtengo kolembera. Madeya apita kwa makumba. Masamba otsala m'dimba adyedwa ndi chilunguni. Ndowe zobiriwitsa madzi zichokera m'khola. Matope a pansi pa dziwe abwerera m'dimba ngati manyowa. M'chilala cha 1992, madzi a m'maiwe anathandiza mabanja ena kulimabe ndiwo zamasamba.

Chithunzi chikatha, muvi uliwonse upatsidwe mtengo wake. Apa m'pamene ophunzira ambiri amaphonya, chifukwa amalemba madeya ngati chinthu chaulere. Madeya omwewo nkhuku zikuwafuna, wotcheza kachasu angawagule, ndipo njala ikavuta mu Febuluwale banja lenilenilo limawadya. Mtengo wa madeya ndi phindu limene mlimi wataya posawapititsa kwina. Ntchito yokolola matope iwerengedwenso, ndipo afunse kuti amasenza ndani, popeza kawirikawiri mtolo wotere umagwera amayi ndi ana.

Mlangizi awakumbutsenso kuti kuzungulira kumeneku sikutsekeka kotheratu. Dengu lililonse la nsomba kapena thumba la chimanga lopita kumsika limachotsa chonde pamalopo, ndipo chondecho chiyenera kubwezeredwa ndi mbewu monga nandolo ndi mtedza, kapena feteleza pang'ono. Ombwe umabwezeretsa chonde m'munda, koma masamba ake amapha nsomba, choncho muvi wake usaloze kudziwe.

Ophunzira asanachoke, aliyense atchule muvi umodzi umene ukusowa pa chithunzicho, auwerengere ndalama ndi masiku a ntchito, kenaka aufotokoze kwa mlimi. Mlimiyo akaukana, alembe chifukwa chake m'mawu a mwini wake, napite nacho kukalasi.