Galu Kapena Mphaka Wotola: Zoyenera Kuchita Asanazolowere Pakhomo

Mwana wanu wabwera kuchokera kusukulu atafungatira kamwana ka galu. Akuti wakapeza m'mbali mwa msewu kali kokhakokha, nthiti zonse zili pamtunda. Akuchonderera kuti, “Amayi, tikasunge.” Kodi inu mungamuyankhe chiyani?

Nkhani yotere si yachilendo kuno ku Chifunde. Banja likasamuka, galu amatsala pabwinja. Galu wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63 okha, ndipo akhoza kuswa kawiri pa chaka. Ana akachuluka, mwini wake amasowa chowadyetsa, ena n'kukawataya kutchire. Kutola nyama yotere n'chifundo, komanso kuli ndi phindu: galu amalonda pakhomo ndi kuingitsa anyani kumunda, mphaka amateteza nkhokwe ku makoswe. Choncho sitikukuuzani kuti muzikana. Tikungofuna kuti chifundocho chisalowetse maliro m'nyumba.

M'mizinda ina muli mabungwe a ntchito imeneyi. Ku Lilongwe, m'dziko la Malawi, bungwe la LSPCA lakhala likusamalira agalu ndi amphaka osiyidwa kuyambira mu 2008. Mabungwe otere sapereka nyama kwa munthu tsiku lomwe aitola. Amayamba aipatula, kuipima, kuibaya katemera ndi kuimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba. Kumidzi kwathu kuno ntchito yonseyi imagwera inu amene mwatola.

Chiwewe chimabisala

Choopsa chachikulu pa galu amene simudziwa kumene wachokera ndi chiwewe. Matendawa amayamba ndi kachilombo kokhala m'malovu a nyama yodwala, ndipo kamalowa m'thupi nyamayo ikaluma, ikakanda, kapena ikanyambita pachilonda. Kakalowa kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kufika ku ubongo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amachitenga kwa galu, ndipo pa anthu 10 alionse, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15. Chifukwa chake n'chodziwika: ana ndiwo amasewera ndi tiagalu, ndipo akakandidwa amabisa poopa kukalipiridwa.

Apa mvetsetsani. Galu amene analumidwa ndi mnzake wachiwewe, kapena ndi nkhandwe kutchire, akhoza kukhala milungu ingapo ngakhale miyezi akuoneka bwinobwino, akudya, akugwedeza mchira. Simungamudziwe ndi maso. Kamwana ka galu nakonso kakhoza kukhala ndi kachilomboka. Kuchepa kwake si umboni wakuti kalibe vuto.

Ndipo si galu wachiwewe aliyense amene amalusa. Wina amathamanga mopanda cholinga n'kumaluma mitengo, miyala ndi chilichonse chimene wakumana nacho. Koma wina amangofooka, kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha, miyendo yam'mbuyo ikukanika. Anthu ambiri amaganiza kuti fupa lamuima pakhosi, n'kupisa dzanja m'kamwa mwake kuti amuthandize. Musayerekeze. Chimodzimodzi nkhandwe kapena galu wachilendo amene wafika pakhomo masana ali wofatsa modabwitsa: nyama yotere si yotola.

Masiku 10 oyamba

Ngati galuyo sakuonetsa zizindikiro zimenezi ndipo mwaganiza zomusunga, mupezereni malo akeake. Khola lopanda ziweto kapena mpanda wa nsungwi pamthunzi ndi wokwanira. Akhale ndi madzi akumwa nthawi zonse. Amudyetse ndi munthu wamkulu mmodzi, ndipo ana, nkhuku, mbuzi ndi agalu ena asamuyandikire kwa masiku osachepera 10. Galu kapena mphaka amene malovu ake ali kale ndi kachilombo amadwala kapena kufa masiku amenewa asanathe.

Masiku 10 akatha ali bwino, ndiye kuti pa tsiku limene munamutola malovu ake analibe vuto. Koma sizitanthauza kuti m'thupi mwake mulibe kanthu. Pitirizani kumuyang'anira kwa miyezi 6. Akasintha khalidwe mwadzidzidzi, akasiya kudya, mawu ake akasintha pouwa, mutsekereni popanda kumugwira ndipo dziwitsani mlangizi wa ziweto.

Mwana amene anamunyamula uja mufunseni modekha ngati anakandidwa kapena kulumidwa. Muyang'aneni m'manja, m'mikono ndi kumaso. Mukamuopseza sanena zoona.

Katemera wa galu

Pitani ku ofesi ya SDAE, kapena funsani mlangizi wa ziweto wa ku Posto yanu, kaya ndi Chifunde, Mualadzi kapena Nsadzu, kuti mudziwe tsiku ndi malo obayitsira. Kawirikawiri galu amabayidwa akakwana miyezi 3, koma kampeni ikafika m'mudzi tengani ndi tiana tomwe; alangizi ndiwo aone. Mphaka nayenso amabayidwa. Mutengereni m'dengu lovundikira kuti asakukandeni panjira. Katemerayu ndi wobwereza, choncho musaphonye kampeni ya chaka chotsatira, ndipo pepala limene akupatsani lisungeni pamodzi ndi makadi a kuchipatala.

Dziwaninso kuti katemera amateteza, sachiza. Galu amene kachilombo kakhazikika kale m'thupi mwake jekeseni singamupulumutse. N'chifukwa chake kuyang'anira kuja sikutha chifukwa choti wabayidwa.

Ena amati katemera amafooketsa galu, sathanso kusaka. Zimenezi si zoona, ndipo galu wosaka ndiye woyamba kufunika katemera chifukwa ndi amene amakumana ndi nkhandwe. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 pa 100 alionse m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsa. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre pa masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha ana ofika ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth chinatsika kwambiri. Galu wanu wotola akabayidwa, walowa m'gulu la 70 aja.

Inu okhala cha ku Cassacatiza, amene muli ndi abale kutsidya ku Zambia, mukapatsidwa kagalu kumeneko funsani ngati make anabayidwa, ndipo kabayitseni kakafika kuno.

Akaluma munthu

Tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mphindi 15 n'zambiri, ndipo anthu ambiri amasiya pa ziwiri. Wina agwire wotchi kapena foni. Sopo aliyense, ngakhale wochapira, amagwira ntchito. Musathirepo tsabola, phulusa, fodya kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamange balalo mothina. Kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala litakhala laling'ono. Bala la kumaso, pakhosi kapena pazala ndi loopsa koposa. Musadikire kuti masiku 10 a galu uja athe kaye. Yambani mwaonana ndi azaumoyo, iwo ndiwo akuuzeni zochita. Ngati katemera wa anthu palibe pamenepo, pemphani kalata yokutumizani kumene ali, ndipo majekeseni onse amene akulemberani muwamalize.

Mwa munthu chiwewe chimaonekera kawirikawiri pakatha miyezi 2 kapena 3, bala litapola kalekale, anthu ataiwala. Wodwala amayamba kuopa madzi ndi mphepo, ndipo ambiri amathamangira kunena za ufiti. Zikafika pamenepo palibe mankhwala. Koma katemera wolandira zizindikiro zisanayambe amapulumutsa, ndipo si wachilendo: Louis Pasteur wa ku France anamugwiritsa ntchito koyamba pa mwana wolumidwa ndi galu mu 1885.

Njoka za m'mimba, utitiri ndi chipere

Tiana ta agalu tambiri timabadwa tili kale ndi njoka za m'mimba. Mimba yotupa ndi ubweya wonyankhalala ndizo zizindikiro zake. Mazira a njokazi amatuluka ndi ndowe n'kutsala m'dothi limene ana amakwawamo. Pemphani mankhwala kwa mlangizi, kwirirani ndowe tsiku lililonse, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo asanadye. Galu asanyambite mbale za anthu. Akhale ndi yake.

Pa utitiri ndi nkhupakupa, musamusambitse ndi mankhwala opopera fodya kapena thonje. Amapha galuyo, komanso amavulaza wosambitsayo. Mphaka musamumwetse Panado ngakhale kachidutswa: kwa mphaka ndi poizoni. Kamphaka kosuwa ubweya mozungulira kakhoza kupatsira ana chipere, ndiye asagone nako. Mayi woyembekezera asawole ndowe za mphaka, chifukwa zikhoza kukhala ndi tizilombo tovulaza mwana m'mimba.

Ngati simungathe kumusunga

Galu sakhuta madzi otsukira mphika. Amafuna nsima kapena phala la gaga losakaniza ndi usipa, matemba kapena zotsala za ndiwo, ndipo wanjala ndiye amagwira nkhuku za eni ake n'kuyambitsa milandu. Ngati m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe yanu imakhala itatha, ganizani kawiri. Funsaninso mlangizi za kufula galu wamwamuna kuti asamayendeyende.

Mukhoza kumusunga kwa kanthawi kokha, mpaka atalimba ndi kubayidwa, uku mukufunsa kwa a nyakwawa, kutchalitchi kapena kumsika ngati pali wina wofuna galu. Musamubwezere kutchire, ndipo musamuthirire tameki: poizoni woikidwa pabwalo amadyedwanso ndi nkhuku, nkhumba ngakhale mwana wokwawa. Wofunayo akapezeka, muuzeni tsiku limene munamutola, ngati analumapo munthu, ndi miyezi imene yatsala kuti 6 ija ikwane. Pepala la katemera lipite limodzi ndi galuyo.